Ulaliki wa "Sinthani Kaganizidwe" Wandikwana

Ulaliki wa "sinthani kaganizidwe" wafika pondikwana. Ukatsegula wailesi m'mawa, uli pomwepo. Ukapita pamwambo wopereka madigiri, mlendo wolemekezeka akuuimba. Ukaitanidwa kumsonkhano wa achinyamata pa Boma pa Rumphi pano, bwana wobwera pagalimoto ya ofesi, munthu amene chibadwire sanagulitsepo ngakhale mulu umodzi wa tomato, akukulozani chala kuti inu ana a masiku ano ndinu aulesi, mukungodikira kulembedwa ntchito, dzilembeni nokha, vuto lanu lili m'mutumo. Ife timawomba m'manja, timamwa Fanta, n'kubwerera kwathu wapansi. Ngakhale masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, pa zinthu zisanu ndi ziwiri zimene akuti zidzatifikitsa kuchitukuko, anaika kusintha kaganizidwe poyambirira penipeni. Kukonza ulamuliro ndi mabungwe a boma kunabwera pachiwiri.

Ine ndikuti mndandanda umenewu anaulemba chadodolido. Munthu amaika nzeru zake pomwe pali phindu, ndipo chimene chimasankha poti phindu likhale ndi malamulo ndi mabungwe amene akumulamulira munthuyo. Umboni wake sindikautenga ku Singapore kapena ku Rwanda, kumene alaliki athuwa amakonda kutinyamulira. Uli konkuno, m'boma lathu lino la anthu pafupifupi 229,000 malinga ndi kalembera wa 2018, kuyambira ku Khondowe kutsikira ku Henga mpaka ku Hewe. Rumphi ndi limodzi mwa maboma amene anthu ambiri amadziwa kulemba ndi kuwerenga m'Malawi muno. Ngati mutu wophunzira ukanakhala wokwanira pawokha, bwenzi kuno kuli mafakitale.

Poyamba ndikupatseniko zimene akatswiri a zachuma anapeza, kuti musaganize kuti ndi mkwiyo chabe wa mnyamata amene ali ndi digiri koma alibe ntchito. Douglass North wa ku America, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1993, anatiphunzitsa kusiyanitsa osewera ndi malamulo a masewero. Tengani mpira. Matimu ndiwo makampani, mabanki, alimi ndi mavenda. Malamulo ndiwo amanena kuti chigoli n'chiyani, wochita chinyengo alandira chilango chanji, ndipo woimbira amvera ndani. Ena mwa malamulowa ndi olembedwa ku Nyumba ya Malamulo. Ambiri salembedwa paliponse koma aliyense amawadziwa: chiphaso chimatuluka msanga kwa ndani, ngongole ya boma amabweza ndani ndipo amakhululukiridwa ndani, munda wa malemu atenga ndani, amene wakudyera ndalama ukamusumira kuti ndipo mlandu utha liti. North anati mayiko amalemera kapena kusauka potengera malamulo amenewa. Mu 2024 mphoto yomweyo inapita kwa Daron Acemoglu, Simon Johnson ndi James Robinson chifukwa cha kafukufuku wa pamutu womwewu.

Koma amene amandifika pamtima ndi William Baumol. Mu 1990 analemba nkhani yonena kuti anthu ochenjera, olimba mtima, odziwa kununkhiza pomwe pali ndalama, amapezeka mu mtundu uliwonse ndi m'nyengo iliyonse. Chimene chimasiyana ndi kumene nzeru zawozo zimalowera. Ena amazigwiritsa ntchito popanga chuma chatsopano. Ena amangosamutsa chuma cha anzawo kulowetsa m'thumba mwawo. Ena amawononga kumene. Ndipo amene amawagawa m'magulu atatuwa ndi mphoto imene dziko laika patsogolo pawo. Anapereka chitsanzo cha China wakale, dziko limene linatulukira pepala, kusindikiza mabuku ndi wonga wa mfuti. Ngakhale zinali choncho, mwana wanzeru kumeneko ankalimbana ndi mayeso olowera ntchito ya boma, chifukwa ulemu ndi chuma zinali kwa nduna za mfumu, pamene katundu wa munthu wamalonda ankatha kulandidwa tsiku lililonse. Mwana ameneyo sanali wogona. Ankawerenga bwino malamulo a dziko lake. Sungani mfundo imeneyi, tiyende nayo m'mbiri ya kwathu.

Azungu asanafike, Aphoka a m'mapiri a kummawa kwa Nyika ankasungunula miyala m'ng'anjo n'kutulutsa chitsulo, n'kusula makasu ndi nkhwangwa. Luso lake linali lozama moti akatswiri awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anabwera kudzaphunzira kwa madala amene ankalikumbukirabe, ndipo anasindikiza zimene anaona mu 1987. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Mlowoka ndi anzake anawoloka nyanja n'kufika ku Nkhamanga atanyamula nsalu, mikanda ndi makasu, kudzasinthanitsa ndi minyanga ya njovu. Ufumu wa Chikulamayembe, umene timasonkhanira chaka ndi chaka ku Bolero pamwambo wa Gonapamuhanya, unabadwira pamalonda. Ndiye wina aziima pamaso pa zidzukulu za osula zitsulo ndi amalonda a mtunda wautali n'kumati bizinesi siili m'magazi mwathu? Iyayi, tisapusitsane.

Kenako kunabwera Robert Laws. Mu 1894 anasamutsira likulu la mishoni ya Livingstonia ku Khondowe n'kutsegula sukulu ya Overtoun. Kumeneko ankaphunzitsa ukalipentala, kumanga, kusindikiza mabuku, kutumiza mauthenga pa lamya, uphunzitsi ndi ukalaliki. Pofika 1905 paphiri pamenepo panali magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi. Taganizani, magetsi ku Khondowe mu 1905! Anyamata amene ankatuluka pasukulu imeneyi anali ena mwa anthu aluso kwambiri m'chigawo chino cha Africa. Nanga bwanji sanadzaze kumpoto kuno ndi mashopu a ukalipentala ndi makampani omanga?

Katswiri wa mbiri yakale John McCracken anayankha funso limeneli mu 1977. Mishoni inkaphunzitsa anthu ntchito zimene kumpoto kuno kunalibe wozigula. Njanji sinafike. Malonda aakulu anali m'manja mwa kampani ya Mandala. Boma la atsamunda linkafuna msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama, m'dera limene linalibe msika. Wophunzira aliyense anawerengetsera n'kuona kuti luso lake lili ndi mtengo ku migodi ya ku Northern Rhodesia, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg. Ananyamuka, ambiri n'kukhala machona. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, wophunzira wa ku Livingstonia, anakayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Munthu wotha kusonkhanitsa khamu lotero m'dziko la eni, mukuti akanalephera kuyendetsa kampani kwawo? Panalibe pomwe akanaimika phazi. Mpaka lero basi za ku Joni zimanyamula anyamata athu, ndipo yemwe uja tinkamutcha waulesi pa Bolero akafika uko amagwira ntchito ziwiri, n'kumatumiza malata.

Tsopano fodya, chifukwa apa ndi pomwe nkhani imaonekera poyera ngati mwezi. M'nthawi ya Kamuzu, lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale. Fodya wopindulitsayo anali wa eni maesiteti okha, ndipo ambiri mwa iwo anali nduna, akuluakulu a chipani ndi mabwana a m'boma. Mlimi wa m'mudzi ankaloledwa mitundu ina monga chikopa, ndipo wogula anali mmodzi, ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971. Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen anaonetsa mu 1982 kuti ADMARC inkagula mbewu za alimi pamtengo wotsika, n'kugulitsa kunja pamtengo wokwera, ndipo phindu lake linkathandiza kukuza maesiteti omwewo. Kunena mosapsatira, thukuta la mlimi wa khasu ndi limene linkamangira bwana zigafa. Pamwamba pa izi panali lamulo la 1966 lolola boma kulanda katundu wa munthu amene laona kuti akusokoneza chuma kapena chitetezo cha dziko. Ukalemera moonekera popanda dalitso la chipani, unkagona khutu lili kunja. Munthu wanzeru m'nyengo imeneyo ankasankha chimodzi mwa zitatu: kukhala tenanti, kulowa ntchito ya boma, kapena kuyandikira chipani.

Kuyambira 1990 lamulo lija linayamba kumasulidwa, ndipo alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale. Pasanathe zaka khumi, alimi otere anali ataposa 200,000 m'dziko muno, ndipo fodya wambiri wa bale ankachokera kwa iwo. Aliyense amene anakulira ku Bolero, ku Hewe kapena m'chigwa cha Henga akudziwa zimene zinachitika: zigafa zinamera pakhomo lililonse, makalabu anabadwa, anthu anaphunzira kusankha masamba, kudinda mabelo ndi jeke, kuwerenga pepala la ku okushoni ya ku Mzuzu. Ndikufunseni abale anga, ndani anawachitira alimi amenewa msonkhano wosintha kaganizidwe? Ndi mlendo wolemekezeka uti amene anawalalikira? Palibe. Chitseko chinatsegulidwa, anthu analowa. Mitu inali yomweyo ya chaka chatha.

Sindikuti fodya ndi mpulumutsi. Wadya mitengo yathu, watenanti akadali pamavuto, ndipo ogula ndi makampani ochepa amene mlimi sangalimbane nawo pamtengo. Koma izinso zikungotsimikiza mfundo yomweyo. Lamulo lina linamasulidwa, anthu anathamanga. Malamulo a msika anatsala okhota, ndipo phindu lalikulu likutsata kukhotako.

Khofi wa ku Phoka ndi ku Mphompha ali ndi phunziro lofanana. Kumpoto kuno kunali makoparetivu a alimi a khofi kale m'zaka za m'ma 1950. Mu 1971 boma linaika khofi wa alimi ang'onoang'ono m'manja mwa bungwe lake la Smallholder Coffee Authority. Mlimi ankalima, bungwe n'kumagulitsa, ndipo ndalama zambiri zinkathera m'maofesi, mlimi n'kumalandira zotsalira. Pofika 1999 bungwelo linali litamira m'ngongole ndipo linathetsedwa. M'malo mwake munabwera bungwe loyendetsedwa ndi alimi eni ake, limene mu 2007 linasanduka mgwirizano wa makoparetivu wa Mzuzu Coffee, ndipo Phoka ndi mmodzi mwa mamembala ake. Malemu Pulofesa Ephraim Chirwa wa ku Chancellor College, pamodzi ndi Andrew Dorward ndi Jonathan Kydd, anafufuza za kusinthaku ndipo anapeza kuti gawo limene mlimi ankalandira pamtengo wa khofi linakwera. Phiri lomwelo, mvula yomweyo, mabanja omwewo. Chinasintha ndi chakuti mwini khofi ndani, ndipo woyang'anira amayankha kwa ndani. Koparetivu si kumwamba ayi, imafunika kuilondera usana ndi usiku, komabe mlimi amene ali ndi voti pamsonkhano wapachaka amasamala mtengo wake wa khofi mosiyana ndi amene amangolandira chiphaso cha malipiro.

Tafika lero. Tiyeni tifunse funso la Baumol: mwana wanzeru wa ku Rumphi, akayang'ana patsogolo pake, mphoto akuiona pati?

Ine nditamaliza sukulu ndinkafuna kuyamba geni ya uchi. Uchi wa m'mphepete mwa Nyika ndi wabwino, alimi a njuchi alipo, ogula m'tauni alipo. Ndinalemba ndondomeko yonse mwadongosolo, monga anatiphunzitsira, n'kupita nayo ku banki ina ku Mzuzu. Mayi amene anandilandira anali aulemu kwambiri. Anawerenga, anayamikira, kenako anafunsa kuti, "Nanga chikole, achimwene?" Munda wa bambo anga ndi waukulu, tauliramo zaka zambirimbiri, koma ndi malo a makolo, alibe pepala limene banki ingalandire. Ndipo chikole chikanapezeka, chiwongola dzanja chinali choposa 30 kwacha pa 100 kwacha iliyonse pachaka. Werengetsani nokha. Ukakongola K2 miliyoni, chaka chisanathe uyenera kupeza K600,000 yongopereka kubanki, usanagule botolo, usanalipire galimoto, usanapeze chiphaso cha a zamiyezo choti uchi wako ulowe m'sitolo yaikulu. Ndi uchi wanji umene ungabereke chonchi?

Ndipo mabanki sindikuwada. Nawonso akuwerenga malamulo. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti. Boma limakongola ndalama zambiri m'mabanki a m'dziko momwemuno pa chiwongola dzanja chonona. Inu mutakhala mkulu wa banki, mungabwereke mnyamata wa uchi wa ku Thazima kapena boma limene silingathawe? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Onjezanipo za kwacha. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Amene anasunga mpamba wake m'kwacha kuti agule chigayo anadzuka ali wosauka. Amene anasunga madola pansi pa matiresi, kapena amene anali ndi mnzake womupezera madola pamtengo wa boma n'kukagulitsa pamsika wamseri, anadzuka ali bwana. Mlimi wa chimanga naye sadziwa ngati chaka chino aloledwa kugulitsa kunja kwa dziko, chifukwa chipata chimatsegulidwa lero n'kutsekedwa mawa. Msewu wochoka pa Rumphi kudzera ku Bolero kupita ku Nyika ndi Chitipa, umene ukanatsitsa mtengo wonyamulira katundu, takhala tikulonjezedwa kuyambira ndili mwana.

Tsono mwana wanzeru uja akawerenga zonsezi amaona chiyani? Amaona kuti wopanga chinthu amavutika zaka zisanu, pamene wodziwana ndi wogula katundu wa boma amamanga nyumba ya pamwamba m'miyezi isanu. Anaona Cashgate mu 2013, pamene makampani amene sanagulitsepo boma ngakhale pensulo ankalandira macheke a mamiliyoni. Anthu amene anakonza zimenezija anali ndi luso, anali ndi kulimba mtima, ankadziwa kununkhiza mwayi. Ndi amalonda a gulu lachitatu la Baumol lija. Tili nawo ambiri amalonda m'Malawi muno, kungoti dongosolo lathu limawatumiza kukasaka matenda a boma, maalawansi ndi madola a mseri.

Ndipo amene asankhabe kupanga chinthu timamulandira bwanji? Mu 2009, Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, mnyamata amene sanapite patali ndi sukulu, anadzipangira wailesi yakeyake youlutsira mawu m'mudzi mwake pogwiritsa ntchito zipangizo zotola. Dziko linamuthokoza pomumanga chifukwa analibe chiphaso, ndipo khoti linamulipiritsa K50,000. Anthu akufuna kwabwino ndi amene anamuwombola. Kwathu kuno ku Mantchewe, kufupi ndi kumene Laws anapangira magetsi, ana a m'deralo anayambitsa magetsi a madzi a Chipopoma amene akuwalitsa nyumba za anthu. Luso lilipo, abale. Likumera ngati bowa ngakhale popanda wothirira. Chimene tilibe ndi njira yoti luso lotere lipeze mpamba wotsika mtengo, chiphaso chosavuta ndi msika wodalirika.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukunena mumtima. Mukuti, "Koma amwene, boma layesetsa. Linabweretsa MARDEF mu 2005, kenako YEDEF, kenako MEDF, kenako NEEF mu 2020, ndipo anthu sabweza. Si kaganizidwe kameneko?" Funso labwino. Koma tayang'anani mayi yemweyo amene sanabweze ngongole ya boma. Loweruka lililonse ali pa banki m'khonde, akubweza ngongole ya gulu ndi chiwongola dzanja chake, osaphonya ngakhale sabata imodzi. Mutu ndi womwewo. Pa banki m'khonde malamulo ndi omveka, buku lili poyera, ndalama ndi za anzake amene akumana nawo kuchigayo ndi kumaliro, ndipo wosabweza amadziwa chimene chimuchitikire. Ngongole ya boma imabwera chisankho chikayandikira, mayina amadutsa mwa akuluakulu a ndale, ndipo aliyense amaona kuti oyamba kusabweza ndi a pafupi ndi mpando. Akatswiri atatu, Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang, anayesa izi pakati pa alimi a paprika m'chigawo chapakati. Alimi ena anawadinda zala potenga ngongole, kuti wobweza bwino adzadziwike ndipo wothawa asadzabwerenso ndi dzina lina. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2012, zinaonetsa kuti amene ankaoneka kuti sangabweze ndi amene anasintha kwambiri n'kuyamba kubweza. Sanalalikidwe. Anangoona kuti mbiri yawo tsopano ili ndi mtengo.

Enanso mukuti vuto ndi nsanje ya kumudzi, kuti ukatukuka amati wakhwima, ndipo abale amakudyera mpamba. Izi zilipo, sindikana. Koma North anatiuza kale kuti miyambo nayonso ndi malamulo, ndipo ili ndi chifukwa chake. M'dziko limene mulibe inshuwalansi ya mlimi, limene penshoni ndi ya anthu ochepa olembedwa ntchito, m'bale wako ndiye inshuwalansi yako. Wogulitsa m'okala amene amakongoza msuweni wake shuga akudziwa kuti tsiku limene adzagone m'chipatala, adzamudikirira ndi msuweni yemweyo. Mukafuna kuti asiye, mupatseni chomugwira china akagwa. Kumunyoza pa maikolofoni sikusintha masamu ake.

Komanso ndichenjeze anzanga amene tinaphunzira nawo, amene akamva mawu oti malamulo ndi mabungwe amathamangira kunena kuti basi tifewetse kalembetsedwe ka bizinesi, zonse ziyenda. Izinso zinayesedwa. Francisco Campos, Markus Goldstein ndi David McKenzie a ku World Bank anatsata mabizinesi ang'onoang'ono pafupifupi 3,000 ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ena anawathandiza kulembetsa kwaulere, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse analembetsa. Izi zokha zikugwetsa bodza lakuti Amalawi amakonda kuchita geni mobisala. Koma satifiketi payokha sinawonjezere phindu. Phindu linakwera kwa okhawo amene, pamwamba pa satifiketi, anawalumikiza ndi banki n'kutsegula akaunti ya bizinesi. Pepala limagwira ntchito ngati pali khomo limene likutsegula. N'chimodzimodzi ndi kulembetsa malo a makolo pansi pa lamulo la 2016, kumene Rumphi linali limodzi mwa maboma oyesererako. Satifiketi ya munda ndi yabwino poteteza mayi wamasiye kwa olanda, koma ngati chiwongola dzanja chikhalabe pomwe chili, idzangokhala mu sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo.

Apa ndi pomwe ndimakumbukira malemu Thandika Mkandawire, katswiri wathu amene anamwalira mu 2020. Iye ankadzudzula mabungwe a kunja chifukwa chobzala mtundu umodzi wa malamulo m'mayiko onse a mu Africa, ngati mlimi wobzala mbewu imodzi m'dambo ndi paphiri pomwe, n'kuwapatsa ntchito imodzi yokha yoteteza chuma cha obwera ndi ndalama. Ankakumbutsa kuti mayiko a ku Asia amene timawasirira anali ndi maboma amene ankasankha mafakitale oti awalere, kuwapezera ngongole yotsika, n'kuwalanga akalephera. Choncho sindikupempha kuti boma lichoke m'njira. Ndikupempha boma limene likudziwa ntchito yake, limene lingayang'ane khofi wa ku Phoka, uchi wa ku Nyika ndi magetsi a ku Mantchewe n'kufunsa kuti, chikutsekereza anthu awa n'chiyani kwenikweni?

Ndipo funso limenelo ndi lathu ife ophunzira. Pano ndili ndi mawu kwa aphunzitsi ndi ofufuza a m'mayunivesite athu. Yunivesite ya Livingstonia inatsegulidwa mu 2003 paphiri lomwelo la Khondowe. Ya Mzuzu ili pamtunda wa ola limodzi ndi pang'ono kuchoka pa Boma pano. Chaka chilichonse ophunzira amalemba kafukufuku wa mavuto a mabizinesi ang'onoang'ono, amagawa mapepala a mafunso, amapeza kuti vuto ndi kusowa mpamba ndi kusowa maphunziro, n'kumaliza ndi kupempha kuti anthu aphunzitsidwe. Buku limakagona pashelefu, m'Chingerezi, ndipo mayi wa mandasi amene anayankha mafunso aja sadzamva chimene chinapezeka. Ndani watsata botolo limodzi la uchi kuchoka mumng'oma mpaka m'sitolo ya ku Lilongwe, n'kulemba chiphaso chilichonse, msonkho uliwonse, chotchinga chilichonse cha pamsewu ndi masiku amene atayika? Ndani wawerengetsa ndalama zimene wogulitsa pamsika wa Bolero amapereka kukhonsolo pachaka, n'kuziika pambali pa zimene khonsolo yamuchitira? Ndani wafufuza chifukwa chake banki m'khonde imabwezetsa ngongole pomwe thumba la boma limalephera, kuti malamulo a amayi aja akaphunzitse a ku Capital Hill? Hernando de Soto ndi anzake anachita zotere ku Lima, ku Peru, m'zaka za m'ma 1980. Anayesa kulembetsa kashopu kosokera zovala motsata lamulo lililonse, ndipo zinawatengera masiku 289. Nambala imodzi imeneyo inagwedeza dziko lawo kuposa maulaliki chikwi. Ife nambala yathu ya ku Rumphi ili kuti? Ipezeke, ndipo ilembedwe m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, iwerengedwe pawailesi.

Kwa akuluakulu, zopempha zanga ndi zowerengeka. Boma lichepetse kukongola m'mabanki athu kuti ndalama zitsalireko opanga zinthu. Thumba la ngongole lichoke m'manja mwa andale, mayina a okongola ndi obweza akhale poyera, ndipo wobweza bwino apatsidwe yokulirapo. Malamulo a kugulitsa mbewu kunja alengezedwe mvula isanagwe ndipo asasinthe pakati pa nyengo. Zoyezera uchi, khofi ndi mafuta ophikira zifike pafupi ndi opanga, pamtengo umene gulu la alimi khumi lingakwanitse. Msewu wa ku Nyika umalizidwe. Woba ndalama za boma alandidwe zonse, kuti mwana wa Fomu 4 aone ndi maso ake kuti njira imeneyo mapeto ake ndi ku Maula.

Mukachita zimenezi, anthu a ku Rumphi n'kukhalabe manja lende, ndiye mubwere ndi ulaliki wanu, ndidzakhala pabenchi yakutsogolo. Koma mbiri ya boma lino ikundiuza kuti simudzapeza womulalikira. Onse adzakhala ali kuntchito, monga anachitira azigogo awo pang'anjo ndi makolo awo chitseko cha bale chitatseguka. Pakadali pano, amene ayenera kuyamba kusintha kaganizidwe ndi amene agwira cholembera cha malamulo.